Moni Wosiya Chiwongolero

Amuna anga, a Clement, ndi munthu waulemu, ndipo ulemu wawowo ndi umene unatsala pang'ono kundiphera mwana.

Mu 1994 anapeza ntchito yoyendetsa vaneti ya kampani ina yogula thonje ndi mtedza m'midzi yozungulira Chipata. Tinkakhala ku Kapata ndi mwana wathu Faith, amene anali atangoyamba kukhala pansi. Ntchito ikawatengera cha kwathu ku Chiparamba, abwana awo ankalola kuti ine ndi mwana tikwere nawo, tikaone makolo.

A Clement ndi mwana wa aphunzitsi a pa mishoni. Analeredwa kuti wamkulu sumupitirira osamuwombera m'manja. Poyenda pansi zimenezi n'zabwino, koma iwo analowa nazo ndi m'galimoto momwe. Akaona mkulu wa mpingo kapena mnzawo wa atate awo, ankasiya chiwongolero, n'kutembenukira kuwindo, n'kuwomba m'manja bwinobwino, mutu ataweramitsa. Chiwongolerocho ankachigwirira ndi bondo.

Tsono inu mukuidziwa misewu ya kuno. Njinga paliponse: uyu wanyamula makala, uyu nkhumba, uyu mkazi ndi ana awiri. Ine ndinkakhala nditamufumbata Faith, maso ali tong'o pamsewu, phazi langa likuponda buleki imene kulibe.

"Atate ake Faith, gwirani chiwongolero," ndinkawauza choncho.

"Amake Faith, inu mumaopa ndi mphemvu yomwe," ankandiseka. "Mukufuna anthu azinena kuti mwana wa aphunzitsi wapeza galimoto, ndiye wayamba kunyada? Vaneti iyi njira ikuidziwa."

Loweruka lina mu Julaye tinanyamuka kupita ku Chiparamba. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, a Clement anaona mkulu wina wa mpingo ataimirira kudzanja lamanja. Anasiya chiwongolero, natembenuka. Pomwepo tayala linagwera m'dzenje, bondo lawo linaterereka, galimoto n'kukhotera kumanzere. Kumeneko kunali mayi wina pa njinga, atamangirira thumba la makala. Ndinaona nkhope yake. Ndimaionabe mpaka lero. Anadziponya m'udzu, njinga n'kugwera pansi pa galimoto, ife n'kukaima m'ngalande.

Faith anandipulumuka m'manja n'kumenyetsa chipumi pa dashibodi. Anakhala chete kaye, pakamwa ali yasa, osatulutsa mawu. Kenako analira. Sindinakondwerepo ndi kulira kwa mwana ngati tsiku limenelo.

Mayi uja anadzuka ndi zokalika m'zigongono, n'kutitukwana mokwanira. Mkulu wa mpingo amene ankawomberedwa m'manja uja moniwo sanauone n'komwe. Anangoona fumbi. Kukiliniki anamwino anamupima Faith, nati ndi chotupa chabe, koma akayamba kusanza kapena kugona kwambiri tithamange naye kuchipatala chachikulu. Mwamwayi sanasanze.

Ndinkaganiza kuti a Clement aphunzirapo. Koma titafika kunyumba anati, "Dzenje lija ndi loipa. Anthu a misewu akugona."

"Dzenje silinawombe m'manja," ndinawayankha. "Ine ndi mwana m'galimoto yanu sitikweranso."

Iwo anakhumudwa, ine ndinalira, ndipo sabata imeneyo tinkalankhulana za mchere ndi sopo basi.

Tinali ndi aneba athu, a Lemmy Mwale, amene anayendetsa ambulansi ya chipatala cha mishoni mpaka kupuma ntchito. Ndinawapeza akuthirira repu kuseri kwa nyumba yawo, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera osandidula.

"Mwana wanga, sunalakwe kuopa," anatero. "Koma mwamuna ukamuuza kuti sadziwa kuyendetsa, makutu amatseka. Ndisiyire ine."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anabwera kwathu. A Clement anawapatsa mpando, nawawombera m'manja monga mwa nthawi zonse. Atacheza za mitengo ya feteleza, a Lemmy anati, "Aneba, tamunyamulani Faith."

A Clement anamunyamula.

"Tsopano tsinzinani, muthamange naye mpaka pa geti paja."

A Clement anaseka. "A Mwale, mwatani kodi? Pali chingwe choyanikira zovala apo, pali mbaula, pali nkhuku. Ndingagwe naye mwana."

"Ndi pafupi pomwepa. Ndiponso pakhomo ndi panu, njira mukuidziwa."

"Ayi, sindingayerekeze."

"Chabwino," anatero a Lemmy. "Nanga moni wanu uja, mukamawomba m'manja nkhope ili kuwindo, galimoto imakhala itayenda mtunda wotani? Kupitirira geti ili, kupitirira nyumba yanga, mwinanso kukafika pa mpope. Mtunda wonsewo mumakhala mutatsinzina, mwana ali momwemo. Ndi miyendo mwakana, koma ndi chitsulo mumalola."

A Clement anakhala pansi pang'onopang'ono, Faith ali pachifuwa. Chotupa chija chinali chikuonekabe. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Anthu amene ndinkawanyamula mu ambulansi," anapitiriza a Lemmy, "ambiri sanagundidwe ndi madalaivala oipa mtima ayi. Wina ankatembenuza kaseti. Wina ankasenda nzimbe ndi mano, dzanja limodzi lili pa nzimbeyo. Wina anacheuka kuti akalipire ana kumbuyo. Onsewo ankanena mawu amodzi: ndinangoyang'ana kumbali pang'ono."

"Ndamva, a Mwale," anatero a Clement motsitsa mawu. "Koma anthu adzati chiyani? Ndipitirire apongozi anga ngati ndapitirira chitsa?"

"Ngati munthuyo ndi wofunika moni wa manja awiri, ndi wofunikanso kumuimira. Yatsani indiketa, patukani pamalo oonekera bwino, imani, tsikani, mumupatse moni wonse. Ngati nthawi palibe, pitani, mudzapepesa mukadzakumana pansi. Wodandaula amapepeseka, wakufa sapepeseka." Kenako anandiloza ine. "Komanso muli ndi manja ena awa, angokhala. Amake Faith aziwomba m'malo mwanu. Kaseti azitembenuza ndi iwo. Inu manja pa chiwongolero, maso kutsogolo. Lamba muzimanga nonse, ndipo tsiku limene mudzayende m'galimoto ya mipando yakumbuyo, mwana azikhala kumbuyo."

"Ndiye ndalembedwa ntchito?" ndinafunsa.

"Ya kondakitala wa moni," anatero a Lemmy. A Clement anaseka koyamba sabata yonseyo.

Sindinafulumire kukhulupirira. Ndinakhala ndikuwasuzumira akamatuluka m'mawa, ndione ngati awombera m'manja anthu a mumsewu mwathu. Ndinafunsanso amayi ogulitsa tomato pamphambano. "Amuna ako masiku ano amangodutsa ngati asilikali," anandiuza. "Koma madzulo amabwera wapansi kudzatipatsa moni." Apo mtima unakhala pansi pang'ono.

Mu Seputembala ndinavomera kukweranso. Njira yonse ndinkawomba m'manja ndine, Faith ndikumutsekereza ndi mikono, mpaka zikhato zinafiira. A Clement ankangofunsa, maso ali kutsogolo, "Anali ndani amenewo?"

Tikuyandikira mudzi wathu, ndinaona atate anga, a Matiyasi, ataima m'mbali mwa msewu kudzanja lamanja. Anali atamva kulira kwa vaneti, ndipo manja anali atawakonzeratu kuti alandire moni wa mkamwini wawo. Ndinayang'ana a Clement. Chiwongolero sanachisiye. Anachepetsa liwiro, nayatsa indiketa, osacheuka. Nkhope ya atate inagwa. Ine ndinawomba m'manja, koma si moni wanga umene ankaudikira.

Nthawi yomweyo a Clement anaponda buleki mwamphamvu. Lamba anandigwira, ine n'kumugwira Faith. Fumbi litachepa ndinaona kamutu kutsogolo kwa galimoto, kosafika n'komwe pa magetsi. Anali Anna, mwana wa mkulu wanga, wa zaka zitatu. Anatulukira kumanzere, m'mapesi a chimanga, akuthamangira agogo ake kutsidya kwa msewu. Ine wamantha uja, woona chilichonse uja, sindinamuone, chifukwa maso anga anali kwa atate. Anamuona ndi a Clement.

Anna anatiyang'ana, nakweza kadzanja kutipatsa moni, n'kupitiriza ulendo wake.

A Clement anapatutsa galimoto, nazimitsa injini. Anatsika, nabwerera wapansi mpaka pamene panali atate. Ananjuta, nawomba m'manja.

"Pepani atate, ndakupitirirani."

Atate anali atamunyamula Anna, atamukumbatira zolimba. Kenako anati, "Mkamwini wanga, mukanandipatsa moni uja mumandipatsa masiku onse, bwenzi pano tikuyala mphasa za maliro. Dzukani. Chikwatirireni mwana wanga, ulemu waukulu umene mwandipatsa ndi wa lerowu, wondipitirira."

Madzulo ake atate anauza amuna onse a m'mudzi kuti aliyense wonena kuti mkamwini wawo ndi wonyada abwere adzanene pamaso pawo. Palibe anabwera.

Titabwerera ku Kapata ndinawatengera a Lemmy nkhuku ndi lichero la mtedza. Anakana, ine ndinakakamira, mapeto ake analandira. Ndinangogwada n'kuwomba m'manja, poti ndinali pansi, osati m'galimoto.

Faith tsopano ali ku nasale, Anna wayamba giredi yoyamba. Chotupa chija chinaphwa osasiya chipsera. A Clement akuyendetsabe vaneti yomweyo ndipo sanagundenso ngakhale nkhuku. Ine mantha sanathe, ndimapondabe buleki yanga ya bodza ija, koma ndikayang'ana kumanja ndimaona manja awiri pa chiwongolero, ndipo ndimathokoza Mulungu, ndimathokozanso aneba amene sanati za eni.

Inu oyendetsa galimoto, moni angadikire, kaseti ingadikire, nzimbe ingadikire. Mwana wothamangira pamsewu sadikira. Chimene chikufuna manja anu kapena maso anu, chiimireni kaye. Ndipo ife oyenda pansi, dalaivala akatipitirira osacheuka tisamutche wonyada. Akusamala ana athu.