Shukuru Atalira pa Mapulaimale

Sabata yonse ija, pamjigo, kuchigayo, ngakhale potuluka kumzikiti, manong'onong'o anali amodzi: akuti a Zelifa sakaima kumbuyo kwa amuna awo.

Nkhani yake inali yotere. Chipani chinkafuna munthu mmodzi wodzachiimira pa ukhansala kwa Mposa kuno, ndiye panatuluka anthu awiri. Wina a Zubairu, ogula mpunga aja, achimwene awo a Zelifa, bere limodzi. Wina a Sufiyani, telala wa pakhonde la golosale, amuna awo a Zelifa omwewo, mkamwini wochokera ku Rivirivi, ku Balaka uko. Munthu ndi mlamu wake, anthuni! Komanso mapulaimale akuno si zoponya kapepala m'bokosi mobisa iyayi. Opikisanawo amawamanga nsalu kumaso, ndiye wovota amakaima pamzere kumbuyo kwa yemwe wamufuna, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. A Zelifa anali m'komiti ya amayi, choncho kothawira kunalibe.

A Sufiyani ananena akusita malaya, osadzutsa n'komwe mutu. "Amake Shukuru, mukakaima kwa alamu, ine ndimanga mashini anga, ulendo wa ku Rivirivi. Ndatopa kutchedwa wobwera."

A Zubairu nawo anawapeza kudimba. "Chemwali, mbumba yonse ikakhala ikukuyang'anani. Mukandichititsa manyazi, musadzanditchulenso achimwene."

Eee, a Zelifa anasowa mtendere. Ankasesa posesa kale, mchere ankathira kawiri m'ndiwo, akakhala pansi n'kudzukanso. Lachisanu anathamangira kwa mnzawo Nafisa, yemwenso anali m'komiti ndipo ankafuna a Sufiyani.

"Tamvera," anatero a Zelifa. "Amuna anga akakhala atamangidwa maso, koma makutu ali nawo. Kulira kwa Shukuru amakudziwa ngakhale mashini akusokosa. Iwe ukamubereke, ukaime pambuyo pawo penipeni, aziganiza kuti ndine. Ine ndikaima kumapeto kwa mzere wa achimwene, abale akandione."

"Nanga anthu ena onsewo akawamanganso maso?" anafunsa Nafisa.

"Za anthu tikaziona pambuyo, iwe!"

Loweruka bwalo la mpira linadzaza. Akuluakulu a chipani ochokera ku Liwonde anamanga amuna awiri aja kumaso n'kuwaimika motalikirana. Likhweru litalira, anthu anabalalika, fumbi kobo, aliyense kumzere wake. A Zelifa anafunda chitenje kumutu n'kukaima kumapeto kwa a Zubairu. Bambo wina wachipewa anayamba kuwerenga mzere womwewo, akugwira munthu aliyense paphewa.

Vuto linali lakuti Shukuru anagona tulo kumsana kwa Nafisa. Mwana wolira tsiku lililonse, lero zii! Ndiye Nafisa, pofuna kuthandiza, anamutsina pantchafu. Mwina anatsinitsa, kaya. Mwana anakuwa bwalo lonse kumva, ndipo a Sufiyani anamwetulira m'kansalu kawo, mapewa m'mwamba.

Koma Shukuru sanasiye. Analira mpaka mawu kusasa, akudzipinda ngati agwa m'nsalu. A Zelifa ankapondaponda pamalo amodzi, mkaka ukunyowetsa bulauzi. Anadziluma mlomo mpaka wachipewa uja anawagwira paphewa n'kunena, "74." Atangotembenuka, iwo liwiro, kudutsa pakati pa bwalo, kukalanda mwana kwa Nafisa n'kumuika kubere ali chiimire pamzere wa a Sufiyani pomwepo.

Wachipewa anafika pamzere wa a Sufiyani, maso ali pa mapewa okha, ndipo anawagwiranso a Zelifa. Kumapeto anati, "74." Afanana!

Phokoso lake! "Awerengedwa kawiri awo!" anakuwa amayi aang'ono a a Zelifa, ndodo ili m'mwamba. "Anali kuno, tawaona ndi maso athu!" A mzere winawo nawo ankati, "Ali kuno, si awa akuyamwitsa apawa?"

Wachipewa anaimba likhweru mpaka anthu anatonthola. Amuna awiri aja anali chiimire omangidwa maso, makosi atapendekera komwe kunkachokera mawu.

"Mayi," anatero wachipewa, "voti ndi imodzi. Nenani mokweza, tonse timve. Muli mzere uti?"

A Zelifa anayang'ana msana wa achimwene awo, omwe ankawabereka popita kusukulu nyanja ya Chilwa ikasefukira. Anayang'ananso msana wa amuna awo, malaya aja osita bwinobwino atanyowa thukuta.

"Ine ndili pamene pali mwana wanga," anatero.

Wachipewa anayang'ana pansi pomwe anaponda, n'kulemba. A Sufiyani 74, a Zubairu 73.

Nthungululu zinamveka, achinyamata ananyamula a Sufiyani pamapewa. A Zubairu anadzimasula okha nsalu ija, anaiponya pansi, n'kukwera njinga yamoto osayang'ana mlongo wawo. Mpaka lero akakumana panjira, salamu palibe.

Mwina mukuganiza kuti kunyumba kunali chisangalalo? Iyayi. A Sufiyani anali atamva zonse ndi makutu awo omwe aja. Atafika anakhala pakhonde, n'kumunyamula Shukuru pamiyendo.

"Ndiye voti wandipatsa ndi uyu, wa miyezi isanu ndi iwiri?" anafunsa. "Akanapitiriza kugona, bwenzi muli kuti, amake Shukuru?"

A Zelifa anangolowa m'nyumba.

Madzulo omwewo a Sufiyani anamangirira mashini awo pakaliyala ndi malamba, njinga n'kuitsamiritsa pamtengo wa mango, chiwongolero chitaloza njira ya ku Balaka. Lero ndi tsiku lachitatu. Sanapite, komanso sanamasule. Amadya, amalandira anthu odzawayamikira, amagona m'nyumba momwemo. A Zelifa amangolowa n'kutuluka, kusuzumira pazenera ngati njinga ija ikadalipo. Dzulo anafika mpaka pamtengopo, anagwira lamba mmodzi, kenaka n'kubwerera.

Nanga inuyo mukanakhala a Zelifa, mukanamasula mashiniwo ndi manja anu, kapena mukanadikira eni ake amasule okha?