Diresi lachikasu la Sabina

Doris anali atatopa nako kupempha. Ntchito yake pa mishoni ina kufupi ndi Muloza inali yophikira phala ana onyentchera, koma chiyambireni anthu othawa nkhondo kuwoloka malire kuchokera ku Milanje, pakamwa ndi pamene pankagwira ntchito kuposa mthiko. Ufa unali utatsala wa pansi pa thumba. Ukatha umenewo, ana abwerera kwawo kukadikira zimene aliyense ankazidziwa.

Ndiye kunabwera a Pilato, a bungwe lina lothandiza la ku Blantyre. Mkuluyu anaphunzira kunja za mmene mitima ya anthu opereka imayendera, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

"Mayi, azungu musamawauze kuti ana alipo ambirimbiri," anatero a Pilato. "Munthu akamva za chigulu, dzanja limauma, amati kanga n'kochepa sikangathandize. Muonetseni mwana mmodzi, wa dzina lake, akumuyang'ana m'maso. Ndibwera ndi kamera Lachisanu. Koma tikajambulire kuseri kwa khitchini."

Doris anamva chifukwa chake. Masiku amenewo njala sinkatchulidwa mokweza, a Yufi, anyamata a chipani cholamula, anali ndi makutu aatali.

Anasankha Sabina, mwana wa Eneles, mayi wothyola tiyi ku esiteti. Sabina anali ndi miyendo ngati mapesi, mimba yotupa, ndi tsitsi lofiirira lothothoka. Doris anachita manyazi kufotokoza zonse, anangoti, "Mubwere naye Lachisanu, adzamujambula."

Koma kwathu kuno munthu sapita kojambulitsa ngati akupita kudimba. Eneles anatulukira ndi mwana atamusambitsa, atamudzoza mafuta mpaka kunyezimira, tsitsi lija atalimeta mpala. Anali atamuveka diresi lachikasu lobwereka kwa mkazi wa kapitawo. Diresilo linabisa zonse.

A Pilato anagwira m'chiuno. "Uyu azungu akati akudya bwino kuposa ine. Muvuleni."

"Iyayi bwana," anatero Eneles, akusisita diresilo. "Mkulu wake anapita wopanda chithunzi, nkhope yake ndayamba kuiiwala. Uyu mumujambule atavala, anthu asadzati ndinalibe chomuveka."

"Filimu ikutha, mayi. Kwatsala chithunzi chimodzi chokha."

Doris anayang'ana azimayi amene anali pamzere ndi makapu awo, ana ali lende kumsana. Mtima unamuwawa, komabe anagwada n'kuyamba kumasula mabatani. Eneles sanamugwire dzanja. Anangotembenukira kuphiri, ndipo sanacheuke mpaka kamera italira.

A Pilato sananame ayi, nzeru zawo zinagwira. Mvula isanagwe, lole inatsitsa matumba a ufa ndi mkaka mpaka chipinda kudzaza. Ana ambiri anadzuka, ena mpaka kuyamba kuthamangitsana pabwalo. Koma Sabina ufawo unamupeza mochedwa. Anamuika m'manda anthu akubzala chimanga.

Atameta maliro, Eneles anafika pakhitchini paja.

"Odi, mayi. Ndabwerera chithunzi chija."

Doris anali nacho. Chinali pa kapepala kosindikizidwa kunja kamene a Pilato anabwera nako monyadira: Sabina ali chiimire, nthiti zili pamtunda, mimba ili panja, dzina lake lili pansi m'zilembo zikuluzikulu. Akanatha kunama kuti sichinafike, koma mphamvu yonamira analibenso. Anakatenga n'kupereka ndi manja awiri.

Eneles anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analuma nsonga ya chitenje chake, n'kung'amba kansanza, n'kukayala pachithunzipo kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Anakapanikiza ndi chala kuti mphepo isakaulutse. Panatsala nkhope yokha.

"Eya, ndi yemweyu," anatero.

"Pepani, a Eneles. Ana enawa..."

"Ndawaona, akusewera. Zimenezo sindikudandaula." Anapinda kapepalako bwinobwino pamodzi ndi kansanza kaja, n'kumanga pachitenje. "Koma mukanandiuza chilungamo tsiku lija, ndikanamuvula ndekha. Mwana amavulidwa ndi mayi ake."