Dziwe Limene Kefasi Sanamalize

Goliati anagwetsa thunthu la nthochi pakhonde, matope n'kuthovukira pa chitenje chakuda cha mlamu wake Benedicta.

"Lero lomwe, alamu. Dzenje lija tilikwirire lero."

Mwamuna wa Benedicta, Kefasi, mkulu wake wa Goliatiyo, anali atangoikidwa m'manda sabata yapitayo. Anangogwa m'munda wa fodya, osadwala ngakhale chimfine. Ndipo anthu onse a m'mudzi wa Mkanda ankadziwa chimene chinamutenga, kapena tinene kuti ankati akudziwa: dzenje la kuseri kwa nyumba.

Kefasi anakalambira pa esiteti ya fodya, akusamalira dziwe losambiramo la bwana wake. Esitetiyo itatsekedwa, chaka chomwe matipate anabwera, anabwerera kumudzi ndi fosholo komanso maganizo amene anaseketsa ngakhale abusa. Anati amanga dziwe lakelake. "Mvula isanagwe tikhala tikusambira," anatero. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Kwa bwana uja akontirakitala anamaliza ntchito yotere m'miyezi yowerengeka, koma iwo anali ndi makina. Kefasi anali ndi msana wake basi. Chaka china anakumba, china anawotcha njerwa, china madzi anagumula khoma n'kuyambiranso. Simenti ankabwera nayo thumba limodzilimodzi panjinga. Zisankho zachiwiri zinamupeza akadapaka pulasitala mbali imodzi.

Tsoka lake, dzenjelo linali la makona anayi, lalitali, lakuya. Ndani kuno amene sangazindikire maonekedwe amenewo?

"Mwambo mukuudziwa," anapitiriza Goliati. "Manda akakumbidwa munthu osalowamo, timagonekamo nthochi n'kukwirira. Achimwene analisiya yasa zaka zonsezi. Latenga mwini wake. Mukufuna litengenso ndani?"

"Bambo a Rozi ankati latsala pang'ono," anatero Benedicta.

"Ankatero chaka chilichonse!"

Zinali zoona. Benedicta naye ankadana nalo dzenjelo. Linamudyera mwamuna akadali moyo, ndipo chifukwa chake sanachimve, pakuti Kefasi anali munthu woti ukamufunsa funso amayankha ndi fosholo. Tsopano ankaliopa. Chimwalirireni mwamuna wake, kuseri kwa nyumba sanapondeko.

Anatembenuka kuti auze Rozi alowe m'nyumba, asamve zimenezi. Rozi anali chitsiriza chawo, mtsikana amene miyendo yake inafota akadali khanda, ndipo ankayenda chokwawa ndi manja. Pamphasa pomwe anamusiya akusenda mtedza panalibe munthu.

"Rozi!"

Mvula yadzulo inali itafewetsa bwalo, ndipo pamatopepo panali zikhatho ziwiri ndi mzere wa thupi lokokedwa. Mzerewo unazungulira nyumba.

Benedicta anautsatira, akutchula dzina la Yesu ndi la mwanayo mosakaniza. Goliati anamupitirira, koma atafika pakona anaima chilili, dzanja lili pakamwa.

Dziwe linali litadzaza madzi ofiira. Rozi anali m'menemo, madzi akumulekeza m'khosi.

"Musakuwe," ananong'ona Goliati. "Akadzidzimuka atsetserekera kwakuya."

Anayandikira pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kugwira nkhuku. Apo m'pamene Benedicta anaona mbali imene mwamuna wake anamaliza, imene iye sanaiyang'anepo ndi kamodzi komwe. Panalibe masitepe. Panali potsetsereka posalala, poti munthu n'kutsika chokwawa osachekeka, ndipo m'mbali mwa khoma munali paipi yachitsulo yomangiriridwa ndi simenti. Rozi anaigwira ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwake madzi ankagwedezeka.

Inali miyendo. Miyendo ija imene sinanyamulepo kanthu inali kuyandama, kukankha madzi, wina kenaka unzake.

"Amayi, taonani!" anatero mwanayo, mano akugundana ndi kuzizira. "M'madzi muno miyendo silemera. Ababa anandiuza. Anati kwa bwana kunali kamwana konga ine, kankachita chonchi m'mawa uliwonse mpaka kanayamba kuima."

"Mwana wanga, tuluka, chonde."

"Anandiyeza mkono, amayi. Anati likadzadzaza ndizigwira apa, ndisamapitirire pomwe chitsulo chathera."

Benedicta anangokhala pansi m'matopemo n'kulira, kulira kwina kosiyana ndi kwa pamaliro. Zaka zonse zija ankamunena mwamunayo kuti wapenga, iye n'kumangopukusa mutu n'kubwerera kudzenje.

Goliati anavula nsapato, anapinda buluku, n'kutsika potsetserekapo mpaka anafika pambali pa mwanayo. Dzanja limodzi anamuchirikiza nalo pamimba. Linalo anafuna kugwira nalo paipi kuti asaterereke, koma inali pansi kwambiri. Kuti aifike, anachita kugwada m'madzimo.

"Kankhanso tione," anatero.