Damu la a Silungwe

Makasu a anyamata okumba damu anali atayamba kale kugwa pamene amayi a kumunsi kwa mtsinje anafika m'dimba la a Laston Silungwe ku Chisenga. Patsogolo panali mayi Esther, ndowa ili m'manja.

"A Silungwe, mukapatutsira kamtsinjeka m'damu lanu la nsombali, ife tizimwa chiyani? Okutobala uno?"

"Masiku awiri okha ladzaza," anayankha a Laston, omwe kugonja sankakudziwa. "Ngati mukukayika, Edna wanga awerengetse. Za madzizi amaphunzira ku Folomu 3."

Edna anatchinga kamtsinjeko ndi matope kuti madzi onse azitsikira pa khungwa la nthochi. Anatchera chigubu cha malita makumi awiri, maso ali pa wotchi ya bambo ake. Anayesa katatu, ndipo katatu konse chigubu chinadzaza pa mphindi imodzi. Kenako anayeza damulo ndi chingwe n'kukhala pamwala ndi kope lake. Atamaliza sanafune kudzutsa mutu.

"Adada, tikayankhulire kunyumba."

"Iyayi, nena pompano amve okha!"

"Pa tsiku kamtsinjeka kakupereka malita 28,800. Damu lanu likufuna 200,000. Ndi sabata yathunthu, adada, kumunsi osapita ngakhale dontho. Ndipo sindinawerengere amene dothi lizimwa."

Okumba aja anaimika makasu. Mmodzi anatsokomola pobisa chiseko.

A Laston analanda kopelo. Anatsata mzere uliwonse ndi chala, milomo ikuyenda, kufunafuna pamene mwana waphonya. Sanapapeze. Manyazi anawagwira ndithu, pakuti anadziitanira okha mboni yowagwetsa. Koma manambalawo anali oyera, olembedwa ndi dzanja la mwana wawo, ndipo mumtima anayamba kumunyadira.

"Mwamumva?" anatero, akukweza kopelo m'mwamba. "Ngakhale ine bambo wake sanandikondere! Kuno ku Chisenga alipo wina angayeze mtsinje ndi chigubu?"

"Palibe, a Silungwe," anaseka mayi Esther. "Nzeruzi anatengera kwa amayi ake. Nanga madzi athu?"

"Anyamata, kumbani. Koma madzi tidzalowetsa Januwale, mvula ikakhazikika."

"Yewo chomene, adada," anathokoza Edna chapansipansi.

A Laston anavula nsapato, natenga khasu, n'kukwirira okha ngalande imene inali itayamba kale kupatutsira madzi kudamu. Amayi aja asanafike kwawo, madzi anali atawapitirira kale.