Pali Amayi Muno

A Bartholomeo sankafuna n'komwe kupita ku vidiyo ya pa Golomoti. Mkulu wa mpingo wathunthu kukapanikizana pabenchi ndi anyamata a kabaza? Koma akazi awo, a Modesta, anamva kuti kwabwera filimu ya kazitape amene ankamutsata m'makatuni a m'nyuzipepala ali mtsikana ku Mua. Ndipo mayi amenewa akati tiyeni, ndiye kuti mwanyamuka kale.

Bambowa anali ndi chinsinsi chawo. Pofunsira mbeta analumbira pamaso pa apongozi awo, akatekisiti, kuti kudambwe sanapondeko, gule wamkulu amangomuonera patali. Bodza lamkunkhuniza! Ali mnyamata ankavina mpaka fumbi koboo. Mantha awo anali akuti tsiku limene a Modesta adzadziwe, ulemu wonse pakhomo udzathera pomwepo.

M'chisakasa cha vidiyo muja munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Kazitape analumphira pa sitima ikuthamanga, anamenya anthu asanu jekete osakwinyika, a Modesta akungoti, "Ndi yemweyo! Ngakhale chipewa ndi chomwecho!" Kenaka kazitapeyo anadzisandutsa nkhalamba n'kulowa m'nyumba ya adani. Ataima pamaso pa mkazi wina, anagwira pachibwano n'kuyamba kusenda nkhope yonamizira ija.

A Bartholomeo sanaganize. Anangoti nyamu, chipewa chawo vindikire kumaso kwa a Modesta.

"Zimitsani! Akuvula! Pali amayi muno!"

Chiseko chinaphulika, wina kumbuyo n'kukuwa, "Aaa, madala! Kani ndinu olowa gule?"

Pobwerera, bambowa ankakankha njinga maso ali pansi ndi manyazi. Anadutsa ogulitsa tomato osalonjera aliyense.

"Mayi a Triza," anayamba motero, "zimene mwamva zija..."

"Ine ndine mkazi, za zilombo sindizidziwa," anawadula a Modesta. "Kungoti chaka china, pamaliro ku Mtakataka, ndinazemba kunyumba kukaonera gule. Panali chilombo china chachipsera pabondo lakumanzere. Kuvina kwake, mayo ine! Ndinati mumtima, mwamuna wachipsera chotere akadzandifunsira, sindidzakana."

A Bartholomeo anaima. Dzanja linapita lokha pabondo lakumanzere.

"Ndiye zaka zonsezi mumadziwa? Osanena?"

"Ndinene bwanji, bambo a Triza? Si mwiko kodi? Inu mumasunga chinsinsi chanu, ine ndimakusungirani mwambo wanu."

Bambowa anafuna kuseka, koma m'maso munalengeza misozi. Ukalamba wonsewu akhala akubisa chinthu chomwe akazi awo anawakondera! Anapukuta kumaso ndi chipewa chomwe chija.

"Basi, kwerani tizipita," anatero.

A Modesta anakhala pakaliyala n'kukonza chitenje. "Koma mawa tibwerenso. Mwandiphonyetsa nkhope ya kazitape wanga."