Tiyi Amamwa, Sadya

Benchi ya pakhomo pa chipinda chotengera magazi ndayizolowera ngati ya kunyumba kwanga. Kumapeto kwake kuli kamsomali kamene kanding'ambira siketi kawiri. Ndakhalapo Lachiwiri katatu konse, chonsecho wodwala si ine, ndi bambo a kunyumbawa.

Iwowa akhala akuyendetsa basi ya maulendo ataliatali zaka makumi awiri ndi zinayi. Kudepoti amawatchula kuti a Sachedwa. Mwezi wathawu dalaivala mnzawo anagwa akukwera masitepe a basi, osadzukanso. Akuti mtima. Pamaliropo ndinaona ndi maso angawa munthu wa kukampani akupereka kwa namfedwa jumbo, m'kati mwake muli jekete ndi fulasiki. Sabata isanathe kunatuluka lamulo lakuti dalaivala aliyense wopitirira zaka makumi asanu abweretse pepala la adokotala mwezi uno usanathe, apo ayi asiye makiyi.

Adokotala atawapima anapukusa mutu, nati ayezedwenso mafuta a m'magazi, aja amatseka mitsempha ya mtima. Magazi akewo amatenga Lachiwiri m'mawa basi. Anesi anatilembera tsiku, n'kutiuza kuti, "Kuyambira eyiti koloko madzulo asadye kanthu mpaka titatenga magazi."

Ine ndinamva bwinobwino. Asadye. Ndiye m'mawa mwake sindinaphike. Ndinangowatsirira tiyi wawo wa masiku onse, wamkaka, shuga masipuni atatu, ndi buledi wopaka majarini. Nanga tiyi amadya? Chibadwire ine tiyi timamwa, ndi buledi wake yemwe.

Tinakhala pabenchipo kuyambira sikisi mpaka hafu naini. Anesi, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe, anali atawamanga kale bambo kalamba pamkono pamene anawafunsa.

"Mwadya, bambo?"

"Ayi, sisitala."

"Sanadye," ndinalowerera ine monyadira. "Angomwa tiyi basi."

Anesi sanakalipe n'komwe. Anangomasula kalambako pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mawu amenewa kambirimbiri. "Mkaka ndi majarini zalowa kale m'magazimo, mayi. Tikayeza lero makina anama. Madzi okha, mwamva? Mubwere Lachiwiri linalo." Abale, manyazi ake! Pamzere ponse anthu ankaseka chamumtima, koma ndikhulupirira theka la iwo linali litamwanso.

Ine ndimasita zovala pa shopu yochapira. Ndi ntchito yoima tsiku lonse, madzulo mapazi amakana nsapato. Ukapempha m'mawa umodzi wokha, abwana amakuyang'ana ngati wapempha shopu yonse.

Lachiwiri lachiwiri ndinachenjera. Shuga ndinabisa m'beseni la zochapa, mkaka ndinakasungitsa kwa aneba. Tinafika kuchipatala m'mimba muli pululu tonse awiri, chifukwa ine sindikanatha kumwa tiyi munthu akundiyang'ana. Titakhala pang'ono bambo anati apite kuchimbudzi. Anabwera akupukuta pakamwa.

Ulendo uno anesi anafunsa mochenjera. "Mwamwa chiyani?"

"Madzi okha. Ndi kabotolo ka juwisi pageti paja."

"Juwisi!" ndinakuwa ine.

"Nanga juwisi si madzi?" anatero bambowo, maso ali pansi.

Ndinawalalatira kuyambira pachipatala mpaka pasiteji. Munthu wodziwa misewu yonse pamtima, wowerenga zikwangwani usiku kuli mvula, n'kulephera kusiyanitsa madzi ndi juwisi? Iwo ankangonditsatira m'mbuyo. Ndinangoti ndi ukalamba wayamba, ndipo ndinalowa kuntchito mochedwa, n'kupsereza kolala ya malaya a kasitomala.

Linatsala Lachiwiri limodzi m'mwezi. Tsikulo ndinadzuka faifi koloko n'kupeza kumbali kwawo kwa bedi kulibe munthu. Kukhitchini ndinawapeza atakhala pampando, kapu ikufuka nthunzi m'manja. Ndinachita kuwatsomphola kapuyo. Anali madzi otentha, opanda kanthu.

"Manja anazolowera, mayi," anatero.

Ndinawabwezera kapuyo. Mphamvu zopepesa ndinalibe.

Pabenchi paja tinali a nambala leveni. Nditatsamira paphewa pawo kuti nditsinzineko pang'ono, chigongono changa chinagunda chinthu chofewa m'thumba la jekete.

"Mwabisa chiyani umu?"

Anazengereza, kenako anatulutsa banzi lokulungidwa m'nyuzipepala. Linali lisanalumidwe.

"Ndinagula dzulo," anatero motsitsa mawu. "Juwisi uja ndinamwera dala, mayi. Tiyi wanu uja ndi amene anandionetsa njira."

Ndinawayang'anitsitsa, iwo n'kupitiriza.

"Masitepe a basi alipo atatu. Masiku ano ndimapumira pa yachiwiri, ndimachita ngati ndikuyang'ana matayala. Pano pamafinya." Anagwira pachifuwa. "Chiyambire chaka chatha."

Chaka chatha! Ine ndikugona nawo bedi limodzi, ndikuwathirira shuga masipuni atatu, osadziwa kanthu. Mtima unandipweteka, ndipo mantha anandigwira kwa nthawi yoyamba chiyambire maulendo a kuchipatalawa. Masabata onsewa ndinkaganiza kuti tikuthamangira pepala.

"Akaona mafutawo andilanda makiyi," anapitiriza. "Ndizikatani pakhomo, kuwerenga ntchentche?"

"Osapereka pepala akulandanibe."

"Bola andilande chifukwa chochedwetsa pepala. Kusiyana n'kundiuza kuti mtima watha."

"A Sachedwa amenewo," ndinatero. Ndinkafuna kukalipa kuti chipatala chonse chimve, koma mawu anatuluka otopa, ngati a munthu wina. "Bambo, ine sindinakwatiwe ndi basi. Makiyi atenge, ndi awo. Koma jekete ilo ndinalisita ndekha dzulo, asadzandibweretsere m'jumbo. Chaona mnzako chapita. Ndatopa, bambo. Ngati mukufuna kudya idyani, banzi ndi lanu. Koma ine pabenchi pano sindidzakhalanso."

"Nambala leveni!"

Anaimirira banzi lili m'manja. Ine ndinawatsatira, siketi n'kukodwanso pakamsomali kaja, osasamala. Anesi atationa anavala magalasi awo, n'kuyang'ana banzilo, n'kuyang'ana ine.

"Lero ndiye mwabwera nacho chakudyacho?" anatero. "Mwaluma?"

Bambo anayang'ana banzilo. Kuluma kamodzi kokha kukanatibweza, ndipo tonse atatu tinkadziwa. Ndinaona chala chawo chikukanda nyuzipepala ija. Kenako anatembenuka n'kundipatsira.

"Gwirani, mayi." Anavula jekete, n'kupinda mkono wa malaya. "Madzi okha, sisitala."

"Madzi otani?"

"Otentha. Opanda shuga, opanda masamba, opanda nzeru za mayiwa."

Anesi anaseka pang'ono, n'kumanga kalamba. Singano ikulowa, bambo anayang'ana kukhoma, dzanja linalo litandigwira pamkono mwamphamvu mpaka kusiya zala. Kabotolo kanadzadza magazi akuda bii. Ndinakayang'anitsitsa ngati ndingaone mafutawo ndi maso, koma anali magazi basi.

"Zotsatira Lachisanu," anatero anesi akumata thonje. "Mubwere nonse awiri. Tiyi mumwe, ndakulolani."

Potuluka pachipatalapo pali masitepe okwera kupita kumsewu. Maulendo awiri aja ndinkatsogola ine, ndikulalata, osacheuka. Tsiku limeneli ndinatsalira m'mbuyo. Anakwera yoyamba. Pa yachiwiri anaima, n'kuyamba kuyang'ana magalimoto oimikidwa pambali.

Ine ndinawerama ngati ndikukonza nsapato, banzi lija lili m'manja, mpaka atapeza mpweya.