Ziweto za Regina

Akuchimuna anafika ku Mpanshya pa minibasi ya m'mawa atanyamula mbale ziwiri zovundikirana, zokulunga m'chitenje. Mwambo wake ngodziwika: akuchikazi akavundukula mbalezo, mwana amupereka. Edness, amake Regina, anauzidwa kuti akhale phee pamphasa, amuna alankhule. Anapirira ndithu, mpaka ba Obby, amalume a mkwati Maybin, ananena kuti ukwati ukachitika Regina asiye ntchito ya ku Lusaka, akalime ku Shikabeta, kwawo kwa mwamuna. Ati kuweta tizilombo si ntchito ya mkazi wapabanja.

Edness anakokera mbalezo pamiyendo pake, dzanja pamwamba.

Tizilomboto iye anali atationa ndi maso ake mwezi wathawo, atakacheza kuntchito kwa mwana wake. Regina anamuveka chijasi choyera ngati nesi n'kumusuzumiritsa pamakina okulitsa zinthu. Tinali piringupiringu, tosawerengeka, m'kadontho kamodzi. Mwanayo anafotokoza kuti ndi mabakiteriya, ndipo iye ndi anzake anatisintha chibadwa kuti tizidya mpweya woipa wa m'mafakitale n'kutulutsa mankhwala opangira utoto ndi pulasitiki. Edness sukulu analekeza giredi 3, koma ziweto amazidziwa. Kuyambira tsikulo msika wonse wa Rufunsa unatopa nayo nkhaniyi.

"Ba Obby, mbuzi zanu zibala kangati pachaka?"

Mkuluyo anati mwina kawiri, msipu ukakhala bwino.

"Za mwana wanga dzuwa lisanalowe zaberekana kale kangapo. Sizifuna dibi, sizilowa m'munda mwa munthu, chakudya chake ndi utsi. Manje inu mufuna azisiye akagwire khasu? Makasu m'mudzi mwanu asowa ogwira?"

Bambo a Regina anatsokomola kawiri, koma mkazi wawo sanacheuke n'komwe. Ba Obby anati chabwino, mtsikanayo agwire chaka chimodzi. Edness anapukusa mutu. Mkuluyo anati ndiye mpaka mwana woyamba. Apo Edness anachita zimene amachita pamsika wogula akamanyoza tomato wake: anayamba kumanganso mfundo ya chitenje cha mbale zija, n'kuwauza alendowo kuti akafulumira minibasi yobwerera aipeza pamsewu.

Ba Obby anatuluka ndi foni kukaima kuseri kwa nkhokwe. Anakhalitsa. Pobwera anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kunena kuti Maybin akuti zolimazo sanatume munthu, iye apempha kusamutsidwira kusukulu ya ku Lusaka, azikaphunzitsa kumeneko. Edness anawauza abwerezenso mokweza, azimayi akukhitchini amve. Atabwereza, Edness anamasula mfundo, navundukula mbale, nthungululu n'kuyamba iye mwini osadikira aliyense.

Phokoso litazizira, ba Obby anasendera pafupi n'kufunsa chapansipansi ngati munthu wamba angaloledwe kukationa tizilomboto.

"Ndikakuperekezani ndine, apongozi," anatero Edness. "Koma mukasambe m'manja bwinobwino. Kuja salowa munthu wonunkha mbuzi."